Mpopi Si Kasupe

Pali nthenda ina imene igwira anyamata ndi asungwana akangotsiriza sukulu ndi kulowa m'nyumba ya m'tauni, ndiyo kuyesa mpopi kasupe wosaphwa. Munthu amene anakulira pa mtsuko wa amai ace, kumene cikho cimodzi cinakwanira kusukusula, lero atsegula mpopi, naima pambali kutsuka mano, madzi alikungotayika. Akamdzudzula ayankha monyada kuti, "Ndilipira ndine." Iye ayesa kuti kutero ndiko kutukuka, koma umenewu ndi umbuli wobvala tayi.

Madzi a mu Lusaka sabadwira m'khoma. Ena acokera ku mtsinje wa Kafue, pa Iolanda, kumene awasefa ndi kuwathira mankhwala, ndipo makina awakankha ulendo wokwera wa makilomita ngati 50. Ena awapopa m'zitsime zakuya za pansi pa mzinda womwewo. Makina onsewa adya magetsi, ndipo magetsi ambiri a dziko la Zambia nawonso acokera ku madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. M'caka ca 2024 mvula inakana, kotero kuti pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Nyanja ya Kariba inatsika, magetsi anazima usana ndi usiku, makina analeka kupopa, ndipo a kumayadi omwe anaoneka pamseu atanyamula zigubu. Ndalama anali nazo ndithu, koma madzi akatayika saoleka.

Ndalama igula madzi amene alipo, siwonjezera dontho m'paipi. Wina akathirira kapinga masana dzuwa liri pamutu, wina natsuka galimoto ndi paipi ya mphira, mphamvu ya madzi icepa, ndipo wokhala kumapeto kwa paipi sapeza kanthu. Wakumapetoyo kawirikawiri ndiye mai wa m'komboni, amene alawirira mbandakuca kukaima pa mzere ndi cigubu ca malita 20, ndiwo makilogramu 20 pamutu. Akapeza pogulira madzi pali pouma, atembenukira ku citsime cosazama. Tsono mwala wa pansi pa Lusaka uli ndi mapanga ndi ming'alu, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zokumba ziyenda m'menemo kufikira m'zitsime. Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anapweteka kwambiri anthu a ku Kanyama. Atabweranso mu 2023 anakula kotero kuti mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Palibe amene anena kuti kapinga ndiye anabala kolera, koma ciri conse cimene cikankhira munthu ku citsime coipa cithandiza nthendayo.

Ena a nzeru zakuthwa adzati, "Nanga mapaipi a kampani amene aphulika m'miseu, nayenderera masabata, sataya madzi oposa?" Izi nzoona, ndipo eni ace ayenera kudzudzulidwa kolimba. Koma kubooka kwa nkhokwe ya mfumu sikupatsa munthu ufulu wakutentha yace.

Codabwitsa ncakuti nzeru yofunika pano siiphunzitsidwa m'kalasi. Agogo osadziwa kulemba dzina lao anali nayo, pakuti kwa iwo madzi amodzi anagwira nchito kawiri kapena katatu. Otsukuluzira zobvala akhoza kukolopa m'nyumba kapena kugwetsa m'cimbudzi, ndipo otsukira ndiwo zamasamba apite ku kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, madzulo dzuwa litapepa. Mbale zitsukidwe m'beseni, mano ndi kapu. Madzi a pa malata nthawi ya dzinja ali aulere kwa iye amene aika mgolo, malinga aubvundikire cifukwa ca udzudzu.

Koma mbala yaikulu m'nyumba ndiyo yosamveka: mpopi wodontha ndi kathanki ka m'cimbudzi kamene kataya madzi usiku wonse anthu ali m'tulo. Kuigwira nkosabvuta. Mwini nyumba atseke mipopi yonse, napite kukayang'ana pa mita. Ikakhala iri kuyendabe, madzi alikuthawa pena pace. Kawirikawiri colakwa ndi kamphira kakang'ono kamene katha, ndipo munthu wokhala ndi sipanala akasintha yekha asanamwe tii wa m'mawa.