Safunsa Anadya Phula: Pimitsani Musanamwe Mankhwala

Kale, mayi wa ku Sinda mwana wake akatentha thupi usiku anali kuyenda ulendo wautali kunka ku Cipatala ca St. Francis ku Katete kuti magazi akaonedwe pa makina. Ambiri anali kungoti ndi malungo, namwa mankhwala mosapimitsa.

Lero nchito imeneyo igwiridwa ndi kacipangizo kotalika ngati cala, kamene anchito a zaumoyo amayenda nako m'midzi. Adontheza magazi pang'ono pamodzi ndi timadzi ta mankhwala, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 yankho lioneka. Mkati mwake muli kapepala kamene kagwira zinthu zotuluka m'tizilombo ta malungo. Mizere iwiri itanthauza kuti tizilombo tilimo. Mzere umodzi, mulibe. Sikafuna magetsi ai.

M'caka ca 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti munthu ayambe wapimidwa asanalandire mankhwala a malungo. Koma alipo ena amene akaona mzere umodzi amakwiya, napita kukagula Coartem kwina. Kumeneku ndi kudzipha. Kutentha thupi kungabwere ndi cibayo kapena matenda ena, ndipo pamene mwana akumwa mankhwala olakwa, nthenda yeniyeni ikukula. Pemphani kuti amupimenso kucipatala.

Tili ndi mau kwa akatswiri opanga zipangizozi. Kacipangizo kamene kaonongeka ndi dzuwa la mu October kali pa njinga, kapena kunyowa kwa dzinja, sikathandiza munthu wa kumudzi. Ndiponso tambiri ta ito timaonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atacira kale. Izi zifunika kukonzedwa, ndipo mtengo ukhale wotsika.

Magazi okha sakwanira. Mu January 2023 kolera inabuka m'boma la Vubwi, ndipo nthendayi imayenda ndi madzi oipa. Tikhumba kuti ophunzira athu a ku University of Zambia ndi ofufuza za matenda a ku Ndola aikepo mtima pa kacipangizo kapafupi kamene komiti ya pamudzi ingapimire nako citsime anthu asanayambe kudwala.

Pakali pano, mafumu ndi anyakwawa alimbikitse anthu ao: madzi akumwa aziphitsidwa kapena kuthiridwa klorini, ndipo wodwala ayambe wapimidwa asanamwe mankhwala.