Za Pakhomo Pathu: Fulu Afuna Dzuŵa

Mayi wina wa ku Malindi wandilembera kuti mwana wake anatola fulu m'munda, namsunga m'katoni pansi pa bedi miyezi isanu. Tsopano chigoba chafeŵa, ndipo fuluyo wayamba kukana chakudya. Mlongo wawo wa mayiwo, amene ali pa ntchito ku Johannesburg, walonjeza kutumiza nyale ya fulu, ndipo akufunsa kuti agule yotani.

Mayi, tiyambe ndi gwero la vutoli. Chigoba cha fulu ndi fupa lamoyo. M'kuŵala kwa dzuŵa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UVB. Chezachi chikagwa pa khungu la fulu, thupi lake limapanga vitamini D, amene amathandiza kutenga kashiamu m'zakudya ndi kulimbitsa mafupa. Fulu wokhala mumdima amafooka pang'onopang'ono ngakhale adye bwanji. Kumuika pa zenera sikuthandiza, pakuti galasi limatsekereza chezacho.

Kumaiko ozizira monga ku Ulaya, osunga afulu amagula nyale za UVB chifukwa dzuŵa limaŵasoŵa. Ngati mlongo wanu agula, asankhe yolembedwa kuti UVB, yopangidwira nyama zokwaŵa. Ipachikidwe pamwamba pa fulu, pa mtunda umene opanga alemba, popanda galasi pakati, ndipo izizimitsidwa usiku. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi 6 kufikira 12, ngakhale ikuŵalabe. Nyale ya UVC yophera tizilombo musaiyese konse: imatentha maso ndi khungu la fulu, ndi la ana anu omwe. Kanyale koyesera ndalama zachinyengo nako sikapatsa fulu chimene akusoŵa.

Koma ife a kuno kunyanja tigulirenji chimene tili nacho chaulere? Mangani kakhola panja, pa dothi, mbali ina padzuŵa, ina pamthunzi, ndi kambale ka madzi kosazama. Mthunziwo musauiŵale, pakuti dzuŵa la Okutobala la ku Mangochi likhoza kupha fulu wosoŵa pobisala tsiku lomwelo. Musaboole chigoba kuti mumangepo chingwe, amamva kuwawa. Akuluakulu anati fulu anyera amene wamtola: ana azisamba m'manja ndi sopo akamgwira, chifukwa ndowe zake zimatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba.

Potsiriza, fulu ndi nyama yakutchire, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nyama zotere, la 1992, lokonzedwanso mu 2017. Pitani kwa alonda a nyama a Lake Malaŵi National Park, imene inakhazikitsidwa ku Cape Maclear mu 1980, akakulangizeni za fulu wodwalayo. Mwanayo mumtenge, akamve yekha. Akapezanso fulu wina m'munda, adzadziŵa kumuyang'ana ndi kumsiya apite.