Pokaonana ndi mlangizi wa za nkhawa, musaloweze zokayankhula

Munthu amene amaopa maso a anthu akapatsidwa tsiku lokaonana koyamba ndi katswiri wa za maganizo, amachita zomwe amachita nthawi zonse kukakhala msonkhano: amayamba kuloweza. Usiku tulo osabwera, iye akulumikiza mawu, kuwabwereza, kukonza poyambira ndi pothera, kuti akakafika asakachite chibwibwi kapena kuoneka wozerezeka. Achibale nawo amamuuza ndi mtima wabwino kuti akonzekere mokwanira. Ine ndikuti kukonzekera kotereku n'kolakwika, chifukwa ndi mbali ya vuto lomwelo limene akupita nalo. Choyenera kutenga ndi zochitika zenizeni ziwiri kapena zitatu, zolembedwa m'kope mosakometsa, ndi kulolera kuti mlangiziyo aone thukuta ndi kunjenjemera monga mmene ziliri.

Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka thandizoli. Thandizo lokambirana lotchedwa CBT, lomwe maziko ake anayala dokotala wa ku America Aaron Beck ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1960, limafufuza mmene zoganiza za munthu, zomva za m'thupi ndi zochita zake zimakokerana. Pa mantha a pagulu, akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anayankha mu 1995 funso lomwe linkazunguza ambiri. Woopa agalu amatha kuwapewa moyo wake wonse, choncho n'zomveka kuti mantha ake satha. Nanga woopa anthu, amene amakumana nawo tsiku ndi tsiku m'minibasi, kumsika ndi kuntchito popanda choopsa kumuchitikira, bwanji mantha ake sazilala? Yankho lawo linali lakuti munthuyu akalowa pagulu, maso ake amatembenukira m'kati. Sakuona nkhope za anzake, akumvetsera kugunda kwa mtima wake ndi kutentha kwa makutu ake, ndipo kuchokera pa zimenezi amadzijambulira chithunzi cha mmene akuonekera, n'kuchikhulupirira. Pamwamba pa izo amachita tinthu todzitetezera, ndipo akabwerera kunyumba amaibwereza nkhani yonse m'mutu, kusankhamo zokhazo zomuchititsa manyazi.

Tinthu todzitetezerati ndi pomwe pagona nkhani. Taganizirani mayi ali pa msonkhano wa banki mkhonde, wagwira botolo la Fanta ndi manja awiri mwamphamvu kuti anzake asaone kunjenjemera. Kufinyako kumalimbitsa minofu ya m'mikono, botolo n'kumagwedera kuposa poyamba. Kapena kalaliki pa msonkhano wa ku ofesi, akuwerenga anthu otsala kuti nthawi yake yoyankhula ifike, akubwereza mumtima mawu ake oyamba. Chifukwa chotanganidwa ndi zimenezi sakumva zomwe bwana wafunsa, ndipo akayankha amayankha zina. Zikayenda bwino, mayiyu ndi kalalikiyu sanena kuti mantha anali opanda maziko. Amati ndapulumuka chifukwa ndinagwira zolimba, ndapulumuka chifukwa ndinaloweza. Choncho mawa adzagwiranso, adzalowezanso, ndipo sadzadziwa kuti zikanatha bwanji akanapanda kutero. Kuloweza mawu okanena kwa mlangizi n'chimodzimodzi. Kuli ngati kupita kuchipatala ndi chilonda utachipaka ufa kuti dokotala asanyansidwe nacho.

Nanga m'kope mulembemo chiyani? Ulendo woyamba nthawi zambiri umakhala wofufuza: mlangizi amafuna kudziwa kuti vutoli linayamba liti, limadza pa zochitika zotani, ndipo lakulandani chiyani. Kwa ambiri limayamba ali achichepere, cha m'ma zaka 13, choncho musadabwe akakufunsani za ku sukulu. Mawu oti "ndimangochita manyazi paliponse" ndi oona koma samupatsa pogwira. Chomuthandiza ndi ichi: Lachiwiri lapitali anandipempha kutsegula msonkhano ndi pemphero, ndinaganiza kuti mawu anga anjenjemera ndipo onse aona kuti sindine wokhwima, manja anatuluka thukuta, ndinanamizira kuti foni yalira n'kutuluka, usiku wonse ndinkaganiza za nkhope ya amene anandipempha. M'mizere isanu yokhayo muli chochitika, choopa, zomva za m'thupi, njira yothawira ndi kubwereza kwa pambuyo pake, ndipo izi ndi zimene mlangizi adzajambule nanu papepala. Lembaninso chimene mukufuna kudzatha kuchita, chooneka ndi maso. "Ndikufuna kukhala wolimba mtima" n'chovuta kuchiyeza, pomwe "ndikufuna kufunsa funso m'kalasi" kapena "ndikufuna kudya pa ukwati anthu akuona" mungadziwe tsiku limene mwachita. Mwina adzakupatsani fomu ya mafunso, monga ija anakonza Michael Liebowitz mu 1987, yomwe imatchula zochitika 24 n'kufunsa kuti chilichonse mumachiopa motani ndipo mumachipewa kangati. Si mayeso, palibe wolephera; ndi muyezo wodzaonera ngati zinthu zikusintha. Ndipo pali zinthu zitatu zimene ambiri amabisa koma n'zofunika kuzinena tsiku loyamba lomwelo: mowa kapena chamba ngati mumazidalira kuti mulimbe mtima pagulu, mankhwala alionse amene mukumwa, ndi maganizo ofuna kudzipha ngati anakufikiranipo.

Kudziulula chonchi n'kowawa, ndiye ndi bwino kudziwa ngati phindu lake lilipo. Mu 2014 magazini ya za chipatala ya Lancet Psychiatry inasindikiza kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za mayesero 101 a anthu oposa 13,000 ovutika ndi mantha a pagulu, ndipo CBT ya munthu mmodzi ndi mlangizi wake inapezeka kuti ndiyo yothandiza kwambiri pa njira zokambirana. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za ku England, linanena mu 2013 kuti akuluakulu ayambe apatsidwa thandizo limeneli mankhwala asanaganiziridwe, ndipo pa njira ya Clark ndi Wells linatchula maulendo ofika 14 a mphindi 90 pa miyezi pafupifupi inayi. M'maulendo amenewa simumangokhala n'kumacheza. Mlangizi amatha kukupemphani kuyankhula ndi mlendo kawiri, koyamba mukudziteteza monga mwa masiku onse, kachiwiri mutasiya, kenako n'kuyerekeza. Amatha kukujambulani vidiyo kuti muone nokha ngati nkhope yanu ikufanana ndi chithunzi chija cha m'mutu. Pamakhalanso ntchito yokachita kunyumba. Zonsezi zimaima pa zimene munanena poyamba, ndipo muli ndi ufulu wofunsa mlangiziyo ngati anaphunzira njira yothandizira mantha a pagulu makamaka, kuti mudzakumana kangati, komanso kuti chinsinsi chanu chidzasungidwa motani.

Wina anganene kuti ndikudzitsutsa: ngati kuloweza n'kubisala, kope nalonso si pobisalira? Funsoli n'loona ndipo silofunika kulinyozera. Pepala likhoza kukhala pobisalira ngati munthu waliweramira ola lonse, kuwerenga liwu ndi liwu kuti asadzutse mutu. Kusiyana kuli pa ntchito imene likugwira. Mawu oloweza amateteza maonekedwe anu, pomwe zochitika zolembedwa zimaulula zomwe mukanakonda kubisa. Winanso anganene kuti popanda kuloweza adzangoti kakasi, osatulutsa liwu. Zikhoza kutero ndithu. Koma m'chipinda chimenecho kusowa chonena sikuononga kanthu, chifukwa mlangizi amaona ndi maso ake chinthu chimene mukanavutika kuchifotokoza, ndipo akhoza kukufunsani pomwepo kuti m'mutu mwadutsa chiyani.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'cha chikhalidwe. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, mkamwini sachuluka mawu pamaso pa apongozi, ndipo kufatsa kumayamikiridwa. Kodi thandizo lochokera kwa azungu silidzatcha ulemu wathu matenda? Likhoza, ngati mlangizi ndi wosasamala, n'chifukwa chake zochitika zenizeni zija n'zofunika koposa. Ulemu umadziwa malo ake: mtsikana amene amagwada popereka madzi kwa agogo amaseka momasuka ndi anzake kumjigo. Mantha a pagulu sasankha chotero. Amamutsata munthu ngakhale pakati pa anzake a msinkhu umodzi, amamukanitsa kukwezedwa pa ntchito, amamusiyitsa kwaya imene amaikonda, ndipo amamusiya akudzida. Mmalawi amene ali ku England, komwe munthu amatha kudzilembetsa yekha ku NHS Talking Therapies popanda kalata ya dokotala, ayenera kumuuza mlangizi momveka kuti kuyang'ana pansi pamaso pa akulu ndi mwambo wa kwawo, kuti nthawi isathere pa kukonza chinthu chosaonongeka.

Pomaliza pali amene angati nkhani yonseyi ndi ya anthu a m'tauni, poti akatswiri otere ndi ochepa m'Malawi muno. Kuchepako n'koona. Kupatula chipatala cha Zomba Mental ndi malo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ambiri amadalira anamwino ndi madokotala a za maganizo a m'zipatala za m'maboma, omwe amakhala ndi mzere wautali pakhomo. Ntchito ya Friendship Bench imene anayambitsa Dixon Chibanda ku Zimbabwe inaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa bwino amatha kuthandiza anthu a nkhawa pokambirana nawo pa benchi, ngakhale kuti njira yawo ndi yothetsera mavuto a tsiku ndi tsiku, osati ya mantha a pagulu makamaka. Koma kuchepa kwa akatswiri kukulimbikitsa mfundo yanga. Amene walipira minibasi kuchokera ku Ntcheu kapena ku Rumphi, n'kupatsidwa mphindi zochepa, sangakwanitse kutaya ulendo woyamba akuonetsa kuti ali bwinobwino. Ngati kufika pakhomopo n'kovuta, m'bale amuperekeze, amudikire panja, koma asalowe kukamuyankhulira. Ndipo ngati mantha apambana tsikulo n'kulephera kupita, atumize uthenga wopempha tsiku lina, alembe m'kope zimene zinachitika m'mawa umenewo, adzayambire pomwepo akadzakumana ndi mlangizi.