Mlendo wa ku Meluluca aonenso khasu

MELULUCA — Munthu akatchula Meluluca, ambiri amaganiza za usipa, utaka ndi mabwato. N'zoona, dera limeneli, lomwe lili kummwera kwa Metangula m'boma la Lago, lili pagombe penipeni pa nyanja ya Niassa. Koma mlendo wongoona nsomba zili padzuwa n'kubwerera, waona theka la mudzi. Theka lina lili kumtunda, kuminda ya chinangwa ndi chimanga, ndi pachipala pamene mmisiri wosula zitsulo amakoleza makala. Theka limenelo ndi lomwe likuzimirira, ndipo palibe akulilirira.

Ntchito ya chitsulo m'mbali mwa nyanjayi si ya dzulo. Ku Nkope, tsidya la Malawi m'boma la Mangochi, akatswiri ofukula zakale anapeza umboni woti anthu ankalima ndi kugwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, pochoka ku Tete anadutsa m'dziko la Amaravi ndipo analemba za ng'anjo ndi makasu awo. Mu 1866 David Livingstone, pochokera ku Mwembe kwa Mataka kutsikira kunyanja kuno, anaona zizindikiro za ntchito yosungunula chitsulo m'midzi imene ankadutsa. Wansembe wa Anglican Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao la mu 1919, anafotokoza kuti a Chisi, omwe anali osula, ndiwo anayamba kuyenda maulendo ataliatali atasenza makasu ogulitsa. Ndiye kuti malonda a Niassa anayambira pakhasu.

Sinali ntchito yamasewera. Amisiri ankakumba miyala yachitsulo, kuotcha makala ambiri a mitengo yolimba, n'kuumba ng'anjo yadothi. Moto unkayaka usana ndi usiku kufikira chitsulo chitalekana ndi mwala. Kenako chinkapita pachipala, pamene wina ankapopa mvukuto wachikopa cha mbuzi, wina akumenya ndi nyundo. M'menemo munkatuluka khasu la mlimi, nkhwangwa ndi kasemasema wosemera bwato, mbedza ya msodzi ndi mkondo wa mlenje. Popanda wosula, ngakhale bwato silikanalowa m'madzi.

Ng'anjo zinazima m'nthawi ya atsamunda, pamene makasu akufakitale anadzaza m'masitolo ndipo zitsulo zakutha zinayamba kupezeka mosavuta. Koma chipala sichinazime. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, anthu ambiri a ku Lago anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ena anatsekeredwa m'midzi ya Apwitikizi. Itabwera nkhondo yachiwiri, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, masitolo akumidzi anali mbee. Khasu linkasowa ngati mchere. Amene anapulumutsa minda ndi mmisiri wa m'mudzi, wosandutsa sipuling'i ya galimoto yakufa kukhala khasu ndi chikwanje. Akuluakulu amene anaona zaka zimenezo sanaiwale.

Lero mnyamata wa kugombe amafuna ukonde, injini ya boti kapena njinga yamoto yonyamula anthu. Palibe womudzudzula, pakuti ndalama ya nsomba imabwera tsiku lomwelo. Komabe nsomba si za muyaya. Boma linakhazikitsa malo otetezedwa a nyanja ya Niassa mu 2011 chifukwa chozindikira kuti nyanja nayo imatopa. Mwera ukavuta masiku angapo, mabwato amagona pamchenga, ndipo banja limadya kondowole wa chinangwa cholimidwa ndi khasu. Mudzi wotaya khasu chifukwa cha ukonde watsamira mwendo umodzi.

Ena anganene kuti zakale zinapita, khasu la m'sitolo n'lotchipa, ndipo ng'anjo zinkatha mitengo. Akunena zoona, ndipo palibe akupempha kuti ng'anjo ziyakenso pofuna makasu. Koma khasu la m'sitolo likathyoka pakati pa dzinja, mitsinje itadzaza ndipo ulendo wa ku Metangula utavuta, amalikonza ndani? Wosula amawotcherera, amanola, amasula khasu loyenera nthaka ya kwawo ndi msana wa mayi amene alimire. Fakitale yakutali siidziwa mayi ameneyo.

Zoyenera kuchita si zodula. Choyamba, kujambula mawu a nkhalamba zimene zinamva kwa makolo awo za ng'anjo: kumene miyala inkakumbidwa, mitengo ya makala, mayina a zida ndi miyambo yake. Bungwe la ARPAC lofufuza za chikhalidwe ndi nyumba ya Rádio Moçambique ku Lichinga, imene imaulutsa m'Chinyanja, angathe kuichita ntchitoyi. Chachiwiri, pamene mlimi wapeza zotsalira za ng'anjo m'munda, mafumu ndi akulu a posto adziwitsidwe, pakuti lamulo nambala 10/88 la mu 1988 limateteza zinthu zotere ngati chuma cha dziko. Chachitatu, kuyambira mu 2004 sukulu za pulaimale zinapatsidwa mpata wophunzitsa zinthu za kudera kwawo. Mphunzitsi angathe kutenga ana kupita nawo pachipala, aone okha mmene chitsulo chimafewera pamoto. Chachinayi, mabungwe ogawa zipangizo zaulimi aziyamba afunsa ngati m'deralo muli amisiri, asanaitanitse katundu yense kuchokera kutali. Mnyamata adzaphunzira kusula akaona kuti kusula kumadyetsa banja.

Nayenso mlendo ali ndi mbali yake. Akafika ku Meluluca, apereke ulemu kwa mfumu, afunse kumene kuli wosula, akhale pansi amvetsere. Akafuna kujambula chithunzi apemphe kaye. Pochoka agule mpeni kapena khasu pamtengo wake, osanenerera mpaka mmisiri atsale ndi phulusa lokha.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Koma amakoma ngati alipo wina amene anawasunga. Amisiri okalamba sadzadikira kuti msonkhano wa ku Metangula uthe. Ntchito yowamvetsera iyambe chilimwe chino.