Makina a CNC akalakwitsa muyeso, musathamangire kusintha manambala

Kum'mawa kwa Zimbabwe matabwa si osowa. Paini ndi bulugamu za ku Chimanimani zili pafupi, ndipo ukalipentala udazika mizu kalekale ku Chipinge, kumene mishoni ya Mount Selinda, yomwe idayamba mu 1893, inkaphunzitsa ntchito zamanja. Adzukulu a Amalawi amene adabwera kudzathyola tiyi ku Ratelshoek ndi New Year's Gift, kapena ku Aberfoyle m'chigwa cha Honde, si onse amene akufuna kubereka dengu la tiyi monga agogo awo. Wina akatolera timadola take amaitanitsa kamakina ka CNC, kosema thabwa motsogozedwa ndi kompyuta, kuti azilemba zikwangwani ndi kukongoletsa zitseko. Chisangalalo chimatha tsiku limene walamula mamilimita 100 koma kadula 97, kapena chozungulira chatuluka chopendekera. Apa ambiri amathamangira pa kompyuta kukasintha manambala. Ife tikuti dikirani kaye.

Makina ang'onoang'onowa sawona pamene ali. Ali ngati munthu woyenda mumdima amene amadalira kuwerenga mapazi: akaterereka kamodzi, amapitiriza kuwerenga ngati palibe chachitika. Mota zambiri za stepper zimazungulira kamodzi pa masitepe 200. Kachipangizo koyendetsa mota (driver), monga A4988, kamatha kugawa sitepe iliyonse pa 16, ndiye kuzungulira kamodzi kumakhala masitepe 3,200. Ngati lamba wake ndi GT2, wa mano otalikirana mamilimita 2, ndipo pulley ili ndi mano 20, kuzungulira kamodzi kumayendetsa mamilimita 40. Mukagawa 3,200 ndi 40 mupeza 80. Nambala ngati imeneyi, ya masitepe pa milimita imodzi, ndi imene pulogalamu ya GRBL imasunga pa $100, $101 ndi $102, ya mbali za X, Y ndi Z. Imachokera ku zitsulo zomwe zili pamakinawo, choncho siyingasinthe yokha usiku inu muli mtulo. Makina amene dzulo amadula bwino, lero akalakwitsa, vuto lili kwina.

Choyamba n'kudziwa mtundu wa cholakwikacho, ndipo izi zimangofuna rula yachitsulo ndi kudekha. Musadule kanthu. Yendetsani makina mamilimita 50, muyeze. Kenako 200, muyezenso. Mtundu woyamba ndi uwu: ngati kuperewerako kukukula molingana ndi kutalika kwa ulendo, ndipo kukubwereza chimodzimodzi nthawi zonse, pamenepo ndiye nambala ndiyolakwikadi. Tengani yakale, muchulukitse ndi mtunda umene munalamula, mugawe ndi mtunda umene ayenda. Mwachitsanzo 80 kuchulukitsa ndi 200, kugawa ndi 198, mupeza 80.81. Yezani pa mtunda wautali ndithu, chifukwa pa waufupi maso anu amalakwitsa kuposa makinawo. Koma akayenda theka lenileni la mtunda, kapena kuwirikiza kawiri, yang'anani timajampa ta microstepping, togawa masitepe, pa bolodi, mwina tidaikidwa mosiyana ndi mmene mumaganizira.

Mtundu wachiwiri ndi umene umapusitsa anthu ambiri. Makina akuperewera theka la milimita kaya ayende 50 kaya 200, ndipo zimaoneka akamabwerera kumbuyo. Ichi amisiri amati backlash, kutanthauza kuti pali pena pakhwepa. Mwina lamba wafooka, mwina nati ya pa chitsulo chamazinga yatha, ndipo kawirikawiri ndi kasikuluwu kakang'ono komangira pulley ku mota kamene kamasuka. Kasikuluwu kameneka, kochepa chonchi, kamachititsa anthu kugula mota zatsopano zomwe sankazifuna. Lembani mzere ndi cholembera kuchokera pa pulley kukafika pa chitsulo cha mota, muyendetse makina kutsogolo ndi kumbuyo. Mzerewo ukasiyana, mwamupeza mdani. Mukasintha $100 pofuna kubisa backlash, mudzakonza muyeso umodzi n'kuwononga ina yonse.

Wachitatu ndi kutaya masitepe. Chizindikiro chake n'chakuti cholakwikacho sichifanana tsiku ndi tsiku: zilembo zimayamba bwino, pakati pa ntchito zonse n'kusunthira mbali imodzi, nthawi zina kukamveka phokoso lokukuta. Motayo yapatsidwa ntchito yoposa mphamvu zake. Chepetsani liwiro pa $110 ndi $111, komanso changu chonyamukira pa $120 ndi $121, ndipo musamize kampeni mozama ulendo umodzi. Bulugamu wouma si paini, amafuna kumudya pang'onopang'ono. Gwiraninso ka driver mosamala. Kakatentha kwambiri kamadzizimitsa kwa kanthawi, pamene kompyuta ikupitiriza kuwerenga. Kafani kakang'ono ndi kutchera bwino mphamvu ya magetsi opita ku mota zimathetsa zimenezi.

Dera lino lili ndi mavuto akenso. Mvula ndi nkhungu zimene zimakometsa tiyi wa ku Honde zimabweretsa dzimbiri pa njanji za makina, ndipo utuchi ukanyowa umamatira pa mawilo mpaka mota kumavutika kukoka. Pukutani mukaweruka, pa zitsulo mupake timafuta topepuka. Thabwa nalo limamwa chinyezi n'kufufuma m'lifupi mwake, likauma n'kubwerera. Munthu akasema thabwa laliwisi lero n'kuliyeza sabata yamawa, adzanamizira makina mlandu wa mtengo. Nanga magetsi? Aliyense amene amadalira magetsi a ZESA akudziwa mmene zinthu zidavutira madzi atachepa ku Kariba kumapeto kwa 2022. Magetsi akathima, makina amaiwala pamene anali. Ikani maswichi a kumapeto kwa njanji, muyatse homing pa $22, kuti magetsi akabwera mungolamula $H makina apezenso poyambira pawo. Mawaya a maswichiwo akhale patali ndi waya wa spindle, mota yozunguza kampeni, apo ayi makina aziima okha pakati pa ntchito popanda chowagunda.

Zina ndi zachidule. Akamayenda chobwerera, sinthani $3. Mota ikamanjenjemera osazungulira, mawaya ake asokonezeka, koma musawazule magetsi ali oyaka, mudzapsereza driver. Ngodya zikapanda kuwongoka, jambulani chinthu cha ngodya zinayi muyeze kuchokera pakona kufika pakona yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikasiyana, chimango cha makina ndi chokhota, ndipo mankhwala ake ndi sipanala. Yezaninso kampeni kanu: mukauza kompyuta kuti ndi ka mamilimita 6 pamene ndi ka 6.35, chilichonse chodulidwa kunja chidzachepa ndipo bowo lidzakula.

Musanakhudze nambala iliyonse, lembani $$ kuti GRBL ikuonetseni zonse zimene yasunga, muzikopere m'kope. Kenako mangani zomasuka, pukutani njanji, muyeze, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu pamodzi makina n'kukhala bwino, simudzadziwa chomwe chinali vuto, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Amisiri anzathu a ku Chipinge ndi ku Honde, gwirani sipanala ndi rula poyamba, manambala a $100 muwakhudze pomaliza.