Chingwe cha m'chiuno mwa pusi



Kunja kuli mkangano pa anamgumi otchedwa orca, amene amatsekeredwa m'maiwe a simenti kuti azisewera pamaso pa anthu olipira ndalama. Nyama zimenezi zimayamwitsa ana, zimakhala m'mabanja, ndipo pa tsiku zimatha kusambira mtunda wonga wochokera ku Lilongwe kukafika ku Salima.

Mmodzi wa iwo, Tilikum, anagwidwa ali mwana kufupi ndi Iceland mu 1983. Mu 2010, ku SeaWorld ya ku Orlando, anapha womuphunzitsa, mayi Dawn Brancheau. Iye anafera m'ndende yakeyo mu 2017. Anthu atadandaula kwambiri, SeaWorld inaleka kuswetsa anamgumi mu 2016, ndipo Canada inaletsa mchitidwewu mwalamulo mu 2019.

Musanapukuse mitu chifukwa cha nkhanza za azungu, tayang'anani kuseri kwa nyumba zathu. Kodi sitinaonepo mwana wa pusi atamangidwa chingwe m'chiuno pansi pa mtengo wa mango, ana akumugenda, akulu akuseka? Nanga ogulitsidwa m'mbali mwa msewu aja? Pusi sapereka mwana wake mwaufulu. Kawirikawiri mayi amayamba waphedwa. Wogula mwanayo ndiye walipira wakuphayo, ndipo wamutumanso kuthengo.

Ena mukuti Mlengi anatipatsa ulamuliro pa nyama. Nzoona. Koma ulamuliro wa kapitawo suli umwini. Wosungitsidwa katundu amadzafunsidwa ndi mwini wake, ndipo Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu poona m'mene asamalira chiweto chake.

Ena mukuti anyani ndi apusi amatha chimanga. Nzoonanso, ndipo wolima m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi sasowa womuuza. Tetezani munda wanu. Koma chingwe chija sichinapulumutsepo ngakhale chitsononkho chimodzi. Gulu lonse limabwerabe m'mawa mwake. Chimene chimakula ndi nkhanza m'mitima ya ana athu, pamodzi ndi mano a pusiyo. Akadzaluma mwana, eni ake omwewo adzamupha.

Ena mukuti ana amaphunzirapo. Aphunzira chiyani kwa nyama yozungulira chikhomo tsiku lonse? Aphunzira kuti wopanda mphamvu ndi choseweretsa. Phunziro limenelo silithera pa nyama.

Dziwaninso kuti lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu yaikulu, monga ya ngaka ndi minyanga ya njovu, chilango chake chimafika zaka 30.

Tsono musagule, ngakhale mwachifundo, pakuti ndalama yanu ndiyo idzaphetsa mayi wina. Amene muli naye kale pakhomo, musangomumasulira kutchire, chifukwa sadziwa kudzifunira chakudya. Dziwitsani a Nthambi yoona za nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre, kumene amalera nyama zotere ndi kubwezera kuthengo zimene zingathe.

Akulu a mpingo ndi mafumu, nkhani iyi ndi yathu. Tisaione ndi kukhala chete.

Ambuye akusungeni.