Mnzako amene ankakusitira yunifolomu

Ambiri amaliwerenga buku la The Kite Runner, lomwe Khaled Hosseini adatulutsa mu 2003, ngati nkhani ya mwana wamantha. Amir, mwana wa mpondamatiki wa ku Kabul, akubisala pakona n'kumaonerera mnzake Hassan akugwiriridwa ndi Assef, tsiku la mpikisano wa makaiti mu 1975, iye kukamwa kuli pululu. Kenako, polephera kumuyang'ana m'maso, akubisa wotchi ndi ndalama kunsi kwa matiresi a Hassan kuti atchuke wakuba. Ndi zoipa, palibe angakane. Koma mlandu waukulu wa m'bukuli unkachitika poyera m'mawa uliwonse tsikulo lisanafike. Hassan ankadzuka kukonza tiyi ndi kusita zovala za Amir, Amir n'kukwera galimoto ulendo wa kusukulu, Hassan n'kutsala pakhomo wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Amir anali Mpashtun, Hassan Mhazara, mtundu wonyozeka kumeneko, ndipo pakhomopo palibe ankaona chodabwitsa.

Khomo lotere sitichita kukalifuna ku Afghanistan. Yendani m'nyumba za anthu apantchito ku Liwonde, ku Ntaja kapena pa Balaka boma, mukampeza mtsikana amene eni nyumba amati “ndi mwana wa kumudzi, tikungomuthandiza”. Tambala woyamba akalira ali kale pamjigo, akoleze mbaula, aphike phala, aperekeze mwana wa bwana pageti la sukulu atamunyamulira chikwama. Masana awiriwo amasewera limodzi phada, kutchulana achemwali, kuseka mpaka misozi. Usiku wina pabedi ndi neti, wina pamkeka kukhitchini. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, pansi pa Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga, choncho nkhani ya fizi si chifukwa. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma lidasiya khomo lotsegula pa ntchito za m'nyumba, ndipo pakhomo pamenepo ndi pomwe ana ambiri amalowera.

Wina anena kuti ndikuweruza ndili chikhutire. Chilala cha 2024 chidapsereza chimanga ku Balaka ndi Machinga mpaka boma kulengeza za ngozi. Kodi mwana amene akudya katatu kutauni sali bwino kuposa mnzake wogonera mango owiritsa kumudzi? Funsoli ndi lolemera ndithu, ndipo mabanja ena amalera ana a eni mwachilungamo, kuwaphunzitsa mpaka folomu folo. Amenewo sindikuwanena. Koma taonani Baba, bambo wa Amir. Ankamukonda Hassan, sankaiwala tsiku lake lobadwa, adalipira dokotala kuti amusoke mlomo wong'ambika, adamanganso nyumba ya ana amasiye mzinda wonse n'kumamutama. Chimene sadampatse ndi chinthu chimodzi chokha chomwe chinali chake mwanayo: choonadi chakuti Hassan anali magazi ake, wobereka mwa mkazi wa wantchito wake Ali. Mphatso zonsezo zinkagula mtendere wa mumtima mwa woperekayo, wolandira n'kumagonabe m'kanyumba kadothi kuseri. Ndani mwa ife sadamvepo za mwana “wa malemu mlongo wanga” amene chinsinsi chake chimaululika tsiku la maliro, pogawana katundu? Chonsecho gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense, mosayang'ana mmene adabadwira, ndi wofanana ndi anzake pamaso pa lamulo, ndipo ali ndi ufulu wodziwa makolo ake.

Pa za chiwombolo ndi pomwe ndimasiyana ndi okonda bukuli. Mu 2001 Amir akuchoka ku California, atamuitana Rahim Khan, mnzake wa Baba, n'kukalowa mu Kabul wa a Taliban. Akuswedwa nthiti ndi Assef yemwe uja, n'kupulumutsa Sohrab, mwana wa Hassan. Owerenga amapuma, amati ngongole yatha. Yatha kwa yani? Hassan adawomberedwa kale pamsewu, akulondera nyumba ya bambo amene sadamuvomere. Pabwalo la mfumu kwathu kuno, “pepani” wa pakamwa samaliza mlandu. Nkhuku kapena mbuzi imapita m'manja mwa wolakwiridwayo, iye ali moyo, anthu akuona. Amir adalipira kwa mwana, mwini mlandu ali m'manda, ndipo amene adapepukidwa kwambiri ndi Amir yemweyo. Ndikuvomera kuti polakwa paja anali mwana wa zaka 12, ndipo kumusenzetsa mtolo wonse ndi kuwapeputsira akuluakulu amene adamuphunzitsa kuti magazi ena ndi otchipa. Ndikuvomeranso kuti kulera Sohrab si kanthu kochepa. Koma zaka zoposa 25 zidadutsa, Amir ali wamkulu, wokwatira, wolemba mabuku, osafunsa n'komwe kuti mnzake uja ali kuti.

Hosseini mwiniwake akuoneka kuti ankazidziwa izi, chifukwa sadatipatse chikondwerero. Sohrab akufika ku America n'kukhala miyezi osayankhula ndi munthu, ndipo chomwe Amir akupeza pamapeto ndi kamwetulo ka mbali imodzi ya mlomo, kaiti ili m'mwamba.